Timizere ta M'phanga

Msakambewa, Dowa
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Reinford,

Ndalemba papepala dala, poti pafoni ndikangotchula abambo, netiweki ya ku Joni imathawa nthawi yomweyo. A Trust amene akupatsireni kalatayi ndawauza kuti asachoke mpaka muiwerenge yonse.

Mukukumbukira phanga lija la kuchigwembe, limene abambo ankatiletsa ngakhale kuliloza ndi chala? Ndinapitako Loweruka, ndipo ondiumiriza anali abambo omwewo! Maso awo atsala pang'ono kutheratu, ndiye anati pali chinthu akufuna akachionenso. Mumandidziwa ndi chidwi changa, sindinadikire kuuzidwa kawiri.

Njira yake si yamasewera. Tinatsika chogwira mizu, madzi akulindima pansi, abambo atandikakamira paphewa. Masiku ano kumabwera alendo, ena azungu, ndipo amawatsogolera ndi mayi wina wa m'mudzi wa pafupi, a Manesi. Anationetsa mwaye wa kudenga, wosiyidwa ndi anthu amene ankabisala nkhondo ya Angoni, ndi zojambula zofiira zimene amati ndi za Akafula. Ine mafunso mbwee: ankatunga bwanji madzi, nanga mwana akalira adani ali pafupi ankamutani? Kenaka anatifikitsa pakhoma lina la timizere tokandakanda, nati ophunzira a m'tauni amaganiza kuti ndi kalendala ya makolo akale.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Anapapasa khomalo, nati timizereto tilipo 94, ndipo anakanda ndi iwowo, ndi msomali. Ndinawerenga kawiri, 94 ndendende. A Manesi anangogwira pakamwa.

Kani abambo atabatizidwa ali mnyamata, agogo, amene anali mkulu wa kudambwe, anawapirikitsa pakhomo. Anabisala m'phangamo, akudya mbewa ndi chinangwa chakuba. Tangoganizani, abambo athu omwewa, akatekisiti a Gregorio, kuba chinangwa! Ndinafunsa chimene sanangobwererera kumudzi. Anati wopirikitsidwa sabwerera yekha, amadikira kuti womupirikitsayo atume munthu kudzamutenga, ndiye kamzere kalikonse kanali tsiku limodzi lodikira. Munthuyo anabweradi tsiku lotsatira kamzere komaliza, koma anadzanena maliro a agogo.

"Bambo anga ankadikira kuti ndikapepese, ine ndinkadikira kuti andiitane," anatero. "Tonse tinali akatswiri odikira."

Apa ndiulule, achimwene, ndinapsa mtima ndipo ulemu unandithawa. Ndinawafunsa pamaso pa a Manesi chimene anachitiranso zomwezo kwa inu, mwana wawo, mutalowa gule. Anangondigwira paphewa kuti tizipita. Tinakwera chitunda chonse ine ndikudziimba mlandu. Titafika pamwamba anandifunsa kuti zaka zisanu ndi zitatu chichokereni inu zingakhale timizere tingati, ndipo ndisanamalize kuwerengera anati khoma lija silingakwane. Kenaka anati, "Debora, ndikukutuma."

Choncho munthu wotumidwa uja ndine. Za kupepesa sanatchule, inunso musazikonzekere. Ndikanatha ndikanabwera ndekha, koma pasipoti ndilibe.

Amayi akupereka moni wambiri, ndipo akusungirani mtedza wa chaka chino. Ana anga akufuna aone ngati malume awo alidi ndi mpata kumano monga ndimawauzira. Abambo akana kupereka moni wapapepala, akuti adzapereka okha pakhonde. Diso lakumanzere likadaona pang'ono.

Bwerani, achimwene. Sindikufuna kudzatumidwa kachiwiri.

Ine mlongo wanu,
Debora