Mphasa Yanga pa Khomo la Tithokoze

Mlolo,
Nsanje.

Okondedwa achimwene a Geresomo,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Kasungu, inu pamodzi ndi alamu a Hannah ndi ana onse. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Madzi anaphwera, ndipo tabzala chimanga ndi mbatata m'matope amene anatisiyira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Foni yanu imayankhidwa ndi anthu ambiri. Alamu ndimawakonda, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Kalatayi muwerenge muli nokha, ndipo mukatha musaisiye m'thumba la malaya opita kochapa.

Uthenga wanu unandipeza, woti monga mwinimbumba mukufuna kutenga akuluakulu a kumpingo kuti mukamuchotse mwana wanga Tithokoze ku yunivesite. Amene anakudyetsani nkhaniyo ndikumudziwa. Ndi Priska, mwana wa a Sebastiano oyandikana nafe, amene akuphunzira naye ku yunivesiteko. Mtsikana ameneyu kuyambira ku sekondale sanakondwerepo kuti Titho amamuposa.

Ndi iyeyo amene anabwera pa tchuthi n'kumauza anthu pa mjigo kuti mwana wanga anamuchotsa m'chipinda chogona ndi anzake n'kumupatsa chayekha. Akuti mayeso salembera muholo, amalembera m'kachipinda kena, ndipo amamuonjezera nthawi. Akatero ankafunsa kuti mwana wa wogulitsa milamba angapeze bwanji zonsezi popanda chidyamakanda cha mu ofesi. Pofika Lamulungu nkhani inali m'kamwam'kamwa.

Sindikunamizani, achimwene, nanenso ndinakhulupirira. Mwana anali atasiya kuimba foni, ndikamuimbira ine mayankho ake anali eya ndi ayi basi. Pa tchuthi sanabwere, akuti akuwerenga. Ndinamanga milamba yanga yowamba n'kukwera minibasi yodzera ku Thabwa, ndipo nditasiya katundu kwa mnzanga mumsika wa Limbe ndinalunjika kusukuluko osamuuza.

Ndinayambira ku ofesi yoona za ophunzira. Ndinapezako mayi wina wa magalasi, dzina lawo a Emmie, aulemu mpaka kukwiyitsa. Ndinawafunsa kuti analamula ndani kuti mwana wanga azigona yekha. Anandipatsa mpando ndi madzi ozizira, kenako anati Tithokoze ndi munthu wamkulu, za iye sanganene kwa wina aliyense popanda chilolezo chake.

Ndinati ine si wina aliyense, mwanayo ndinamuberekera pakhonde la sukulu chaka chimene tinathawa madzi. Anati akumvetsa, koma lamulo ndi lomwelo kwa mayi, kwa bambo, ngakhale kwa aphunzitsi ake, amene amangouzidwa kuti amuonjezere nthawi osauzidwa chifukwa. Pamenepo mtima wanga unati basi, awa akubisa mnzawo. Kwathu kuno chinthu chabwino sachibisa. Ndinatuluka osatsanzika, madzi awo osawalawa.

Titho atatsegula chitseko ndinalowa ngati wapolisi. Ndinasuzumira pansi pa bedi kufuna nsapato za mwamuna. Ndinatsegula kabati, ndinanunkhiza ndi thaulo lomwe. Iye anangokhala pabedi kundiyang'ana, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Chimene ndinapeza ndi kabotolo ka mapiritsi, ndipo maganizo anga anathamangira ku zoipa zina zimene sindingalembe pano.

Ndiye anandiuza yekha. Akuti chaka chatha anayamba kusowa tulo, mtima kumangogunda popanda chomuthamangitsa. Muholo ya mayeso manja ankanjenjemera mpaka cholembera kugwa. Masiku ena ankalephera kudzuka, osadya, kumangolira osadziwa chomuliza. Anapita yekha kwa dokotala, amene anamuuza kuti ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi mankhwala ake. Sukulu inamupatsa chipinda chachete ndi nthawi yoonjezera kuti asasiye maphunziro.

Mwamuna panalibe, achimwene. Anati sanandiuze chifukwa ankaopa kuti kumudzi kuno adzamutcha wamisala, ana n'kumamuthawa panjira.

Ndinalira, kenako ndinachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. Inu mukudziwa kuti wodwala sasiyidwa yekha. Ndinagula mphasa ndi kambaula, mphasa ndinayala pakhomo pake, m'mawa n'kumuphikira phala la mpunga panja pa hositelo. Iye anandichonderera kuti ndibwerere kumudzi, koma ine ndinati amenewo ndi matenda akulankhula. Atsikana odutsa akandipatsa moni ndinkayankha monga timayankhira kuchipatala, kuti ndabwera kudzadwazika mwana. Ndinkaona ngati ndi ulemu.

Sipanapite nthawi anayamba kubwera awiriawiri, ena ndi malalanje, ena ndi maso okha. Ankafunsa kuti akudwala chiyani poti bala silikuoneka. Priska anali patsogolo pa onse, nkhope yachisoni, foni ili m'manja, khosi akulitalikitsa kuti aone m'chipindamo. Ndinamutsekereza pakhomo, koma moto ndinali nditauyatsa kale ndekha. Titho anadzitsekera mkati ndipo m'kalasi sanapite. Ndinamumva akulira kuti chimene ofesi inamusungira chaka chonse, amayi ake achimwaza tsiku limodzi.

A Emmie anabwera okha kudzandipeza. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangoti ngati ndikufuna kumuthandiza mwanayo ndimufunse mwiniwake chimene akufuna. Ndinamufunsa ndili kunja kwa chitseko. Anati ndipinde mphasa, ndizimuimbira Lamulungu lililonse, ndipo ndikafika kumudzi ndisakapereke dzina lake ku mapemphero a amayi.

Ndinapinda. Chibadwire sindinachitepo chinthu chowawa chotere, kusiya mwana wodwala n'kukwera minibasi. Phiri lonse la Thabwa ndinatsika ndikudziona ngati mfiti.

Kuno anthu akundiyang'ana m'maso kufuna kutolamo nkhani. Amayi ake a Priska akungobwerabwera kudzapala moto pamene kwawo utsi ukufuka. Ndimangoti mwana ali bwino, akuwerenga. Ena ayamba kunena kuti mkamwini wa mu ofesi uja anandipatsa kangachepe kuti nditseke pakamwa. Zimandiwawa, koma ndikuwasiya anene, chifukwa ndikati ndidziyeretse ndiye kuti ndamuvula mwana wanga pagulu.

Sikuti nane mtima wakhala pansi. Mapiritsi aja sindikuwadziwa, ndipo anthu aulemu kwambiri ndimawakayikirabe. Sindikudziwanso kuti Priska anaona zingati ndipo wauza angati. Koma Titho anabwerera m'kalasi, ndipo Lamulungu lapitali anaseka pafoni. Ndinali nditaiwala kuti amaseka ngati malemu amayi athu.

Zoti ndikuuzeni inu ndinachita kupempha. Ndinamukumbutsa kuti mwambo sulola kuti mbumba idwale mwiniwake osadziwa, ndipo patachitika china mlandu ungagwere ine. Anavomera, koma anati atsibweni okha, osati akazi awo, osati abusa. Mwana wakukhulupirirani, ndipo ine ndikuopa, chifukwa ndimakudziwani mukapsa mtima mumalankhulira pabwalo.

Tsono ndagwira mwendo wanu, achimwene. Akuluakulu aja auzeni kuti ulendo walephereka, chifukwa chake mupeze nokha. Mukapita ndi gulu n'kukaimba nyimbo pakhomo paja, mwanayo sadzalowanso m'kalasi, chonsecho watsala pang'ono kumaliza.

Ngati mtima ukukukakamizani kukamuona, pitani nokha. Musanyamule fulasiki ya tiyi ndi mabanzi, musavale nkhope ya kuchipatala. Valani jekete lanu la ku ukwati lija ngati munthu amene wangopatuka pa ulendo wake. Mukagogode pang'ono n'kutchula dzina lanu. Akapanda kutsegula musakafunse oyandikana naye. Mubwerere, ndipo mudziwe kuti mwamuzonda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, moni wokha basi. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mtima wofatsa pa nkhaniyi. Takhuta, achimwene, monga timathokozera kwathu kuno.

Ndine mlongo wanu,
Esinala