Khadi langa lili kwa a Namagowa

Makwasa, Thyolo
11 Ogasiti 2008

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji ku Lilongweko? Kuno tilipo. Tamando wachira, wayambanso kukwawa. Bambo ake chipitireni ku Milanje, ngakhale kalata yomwe.

Azakhali, mwanayu atadwala ndinakatenga katapila wa K4,000 kwa a Namagowa, kapitawo wathu kothyola tiyi. Chikole ndinapereka khadi langa la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi. Tsiku la malipiro amakatapa okha, ine n'kundipatsa zotsala. Patha miyezi isanu, koma akuti ngongole yafika K7,000. Tiyinso wachepa chilimwe chino.

Ndinapita kugulu la amayi obwereketsana ndalama. Akuti dzina langa linaipa, ndiyambe ndawombola khadi. Ndilibenso wodandaulira kuno.

Dzulo a Namagowa anandiimitsa posikelo, akumwetulira. Akuti, "Mayi a Tamando, khadi si nkhani. Mudzabwere kunyumba mwezi ukamatha, akazi anga adzakhala ali kumudzi."

Chonde, ngakhale theka, tumizani mwezi usanathe. Amayi musawauze, mtima wawo uja mukuudziwa. Kwa a Namagowa sindinavomere ayi. Koma Azakhali, sindinakanenso.

Ndine mwana wanu,
Agatha