Magazi a Nambala 47

Lachiwiri, 4 Malichi

Zotsatira zatuluka. Chiwindi sichili bwino. Manambala akwera kanayi kuposa mlingo wake. Ndayeza kawiri, yankho lomwelo. Zaka khumi ndi zisanu mu labotale muno, makina akamanama ndimawadziwa. Lero sananame.

Magaziwo ndi anga. Ndinadzitenga ndekha dzulo masana, chitseko chokhoma. Pa kabotolo sindinalembe dzina, nambala basi: 47. M'kaundula: mwamuna, zaka 44. Pa ziwirizo pokha sindinaname.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Zotsatira zoopsa makina amazitumiza okha ku kompyuta ya adokotala. Amene anakonza zimenezo chaka chatha ndi ine ndemwe. Ndinkanyadira nazo.

Adokotala abwera pepala lili m'manja. "Ameneyu akumwa ngati amalipidwa. Mundipezere, akulu." Ndati fayilo yake yasowa. Akuti pamene ikufunidwa, ndifufuze gulu la anthu osiya mowa lokumana pafupi, kuti wodwalayo akapezeka tikhale ndi komutumiza. "Inu owerengawerenga, simuchedwa."

Ndavomera. Ntchito yosaka munthu amene ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Lachisanu, 7 Malichi

Magulu atatu. Loyamba, pa chipepala chofwifwa cha m'khonde lathu: nambala siikugwira. Gulu lachiwiri linatha, wolitsogolera anasamuka. Gulu lachitatu, chipinda cham'mwamba pa sitolo ya zitsulo, Loweruka 2 koloko masana.

Ndaimba. Ayankha mayi wina, telala, makina osokera akumveka kumbuyo. Ndafunsa kuti pa anthu khumi, amasiyadi ndi angati. Aseka. "Bambo, kuno sitiwerenga mitu, timawerenga masiku. Mukufunsira ndani?" Ndati wodwala wina. "Eya, onse amafunsira mnzawo. Mnzanuyo mubwere naye, mipando ilipo."

Si yankho limenelo. Koma latsala m'mutu.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinapita. Ndinaima m'sitolomo pafupi ndi zitini za penti, maso pa masitepe. Anakwera anthu khumi ndi mmodzi. Mkulu wina wa njinga. Mayi wa nsapato zazitali, makiyi a galimoto m'manja. Palibe wooneka ngati chidakwa. Inenso sindioneka.

Ndinagula loko wosamufuna. Kenako mabotolo asanu a mowa.

Mayi a ana anasiya kufunsa. Amangovundikira chakudya changa. Kale ankakalipa, ndipo zinali bwinoko.

Lachinayi, 13 Malichi

M'mawa ndaphonya mtsempha wa agogo ena katatu. Manja kunjenjemera. "Mwanangu, ukutenga magazi kapena ukulima?" Anamwino alanda singano. "Achimwene, kamweni kaye tiyi." Sanandiyang'ane kumaso.

Mabuku onse akugwirizana: womwa ngati 47 asasiye mwadzidzidzi payekha, angakomoke, angafe. Pafunika dokotala. Dokotala ndili naye, zitseko zitatu kuchokera pa tebulo langa.

Zina zoipa. Adokotala akalipira kalaliki wa mafayilo pamaso pa anthu. Akuti 47 akapanda kupezeka pofika Lolemba, amulembera lipoti kwa mabwana. "Munthu akufa kwinakwake chifukwa cha ulesi wanu." Mkuluyo watsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Tsiku lonse ali chogwada, kukhuthula makabati. Wandipempha ndimuthandize kufuna.

Ndamuthandiza. Mphindi makumi anayi.

Loweruka, 15 Malichi

Masitepe ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Ndawakwera.

Mipando yapulasitiki, ketulo, zenera limodzi losatseguka. Telala uja wandizindikira mawu ndisanamalize moni. "Mnzanu uja wabwera?" Ndati wabwera. "Mukhazikeni apo."

Ndinatenga kabuku koti ndilembemo za adokotala. Sindinalembe kanthu. Wowotcherera zitsulo wina anati, "Ine masiku asanu ndi anayi. Kachitatu aka kuyambiranso." Anamuombera m'manja. Pa pepala zotsatira zotere n'kulephera. Koma munthuyo anali pomwepo, wosamba, wovala malaya ochapa. Mayi wa makiyi uja anati ankabisa botolo m'makina ochapira. Onse kuseka. Ine langa lili kuseri kwa bokosi la magolovesi. Ndasekanso, mochedwa.

Itafika nthawi yanga ndangopukusa mutu. Palibe wandikakamiza.

Potuluka telala wayang'ana manja anga. "Amenewa musalimbane nawo nokha, bambo. Kaonaneni kaye ndi adokotala, kenako muzibwera." Zomwezo za m'mabuku. Iye anaziphunzira pa thupi lake.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndawauza mayi a ana, pepala lili pa tebulo. Ndayamba kufotokoza tanthauzo la manambala. Andidula. "Zaka zisanu ndakhala ndikuwerenga maso anuwo. Makina anuwo achedwa." Alira pang'ono. Kenako afunsa kuti mawa ndivala malaya ati.

Zimene ndikudziwa: ndinanama m'kaundula, ndipo ntchito ikhoza kuthera pomwepo. Zimene sindikudziwa: ngati chiwindi chingabwerere. Zimenezo ayeza ena.

Mawa ndiyambira kwa kalaliki, asanatsegule kabati ina. Anditsegulire fayilo, dzina lonse. 8 koloko adokotala akuyembekezera wodwala 47. Malaya oyera ndiwasiya pa msomali. Ndikakhala pa benchi ndi anzanga, kudikira kuitanidwa.