Nyumba ya ku Woodlands Siigulitsidwa

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 1984

Okondedwa alongo anga a Regina,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Katete. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Dzulo tinali kukhoti pa nkhani ya Oswell, mwamuna wa msuweni wathu Imelda, amene sitolo yake yansalu ku Kamwala inagwa ndi ndalama zanu, zonse zija anakusiyirani malemu alamu. A Dunstan Chibesa, amene khoti linawaika kusonkhanitsa katundu wa Oswell ndi kugawira amene anamukongoza, anapeza mashelefu okha ndi sikelo yothyoka. Chiyembekezo chathu chinali nyumba ya Oswell ya ku Woodlands. A Chibesa anauza woweruza kuti Oswell anaipereka kwa Imelda mwachinyengo, ataona kuti zinthu zayamba kuvuta.

Mukudziwa yankho? Akuti chaka chathachi khoti lina linathetsa ukwati wawo n'kupereka nyumbayo kwa Imelda, ndipo chimene khoti linagamula kale sachiutsanso. Mlandu tinaudikira miyezi isanu ndi iwiri, unatha ndisanakhazikike n'komwe pabenchi!

Ukwati wotha uti? Lusaka yense amawaona Lamlungu pa benchi imodzi kutchalitchi, buku lanyimbo limodzi. Malaya a Oswell ali pachingwe ku Woodlands mpaka lero. A Chibesa ananena zonsezi, woweruza n'kungogogoda fayilo yakale ija ndi chala. Akuti pa mlandu uja nkhoswe ya mkazi inalumbira kuti banja linatheratu, ndipo palibe anatsutsa.

Panja a Chibesa anandiimitsa. "Ba Gilson," anatero, "mu fayilo muli dzina ya nkhoswe. Simunaniuze chifukwa chani?"

Alongo, nkhosweyo ndine. Amalume atamwalira, unkhoswe wa Imelda unagwera ine, poti wachibale wamwamuna m'tauni muno ndine ndekha. Oswell anabwera kuno ndi nsalu ya suti m'manja. "Ni pepala chabe, mulamu," anatero, "tifuna nyumba inkhale pa dzina ya madamu, ya bana." Imelda analira. Ine ndinati nkhoswe siikana mwana wake, ndinakagwira Baibulo kukhoti. Sindinafunse za sitolo, pamene ndine ndemwe ndinakuuzani kuti ndalama zanu zikakhala bwino kwa Oswell. Sutiyo ndinasoketsa, ndipo dzulo ndinaivala kukhoti, chitsiru ine.

A Chibesa akuti ndikakavomera kuti ndinanama, mwina chigamulo chija angachigwetse, koma ine ndingamangidwe, ntchito n'kutha. Ndawauza kuti ndiwayankha Lolemba. Sindikudziwa chimene ndikanene.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma kalatayi musawawerengere. Moni kwa mwana wanu Barbara, mumuuze kuti za sukulu yake ya unamwino aziyembekezabe. Inuyo sindikupemphani moni wobweza. Mungondilembera liwu limodzi, kuti ndipite kukavomera kapena ndisapite, ndipo ngakhale lifike Lolemba litadutsa, ndidzachita chomwecho.

Ndine mlongo wanu,
Gilson