Nsalu ya chinkhoswe yasanduka mboni

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire ndithu, ndipo ndimagwira ntchito ya uphungu pachipatala china chaching'ono kuno ku Chintheche. Ndimayeza anthu magazi, ndimakhala nawo pansi n'kumamva zawo: za matenda, za m'banja, za mowa wa amuna awo, nthawi zina zinthu zoti munthu sanauzepo ngakhale mayi ake omubala. Aliyense akalowa ndimamuuza kuti zimene tikambe muno zithera muno. Lero mlangizi ndiye akufuna womulangiza, ndipo chandigwiritsa njakata si china koma nsalu.

Achimwene anga aakulu, a Wallace, ali ndi mwana wamwamuna dzina lake Mackson. Mnyamatayu anakhalitsa ku Joni, ndipo anabwerako chaka chatha ndi masuti ambirimbiri, moti ngakhale popita kukagula usipa amamanga tayi. Mukutidziwa ife a ku Nkhata Bay pa nkhani ya kutchena. Tsopano wapeza mbeta, Hannah, mtsikana wa ku Balaka amene amalandira alendo pa loji ina ya kunyanja kuno. Ndi mwana waulemu, wansangala, ndipo wayamba kale kulimbana ndi kondowole ngakhale mthiko umamulaka.

Vuto ndi loti alamu anga a Ethel, mayi ake a Mackson, sakhulupirira atsikana a m'maloji. Amati mtsikana womwetulira alendo tsiku lonse, mano ake ndi a aliyense. Kwathu kuno mwana akafuna kukwatira timayamba tafufuza mwakachetechete kuti mnzakeyo ndi mwana wa yani, nanga kwawo amakhala bwanji. Za Hannah anafunsa ku Bandawe, anafunsa ku Makuzi, koma poti si wa kuno anabwerako chimanjamanja. Ndiye maso onse anatembenukira kwa ine.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Wallace anandiitanira kuseri kwa nyumba komwe amayanika chinangwa, a Ethel ali pomwepo. Anayamba ndi kundikumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiwola, ndi kuti ine ndine ankhazi ake a Mackson, amene kwanuko mumati azakhali. Kenako anafunsa ngati Hannah anabwerapo m'chipinda changa cha kuchipatala, ndipo ngati anabwera ndinapeza zotani. Ndinawayankha kuti zimenezo sindinena, kaya za Hannah kaya za wina aliyense. Sanakwiye. Anangoseka, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nsalu ya yunifomu ya chinkhoswe, yobiriwira ya maluwa achikasu, n'kundiikira pamiyendo.

"Ife sitikufuna kuti muyankhule, mlongo," anatero a Wallace. "Lumbiro lanu tikulilemekeza. Ngati mtsikanayu ali bwinobwino, kaperekeni nsaluyi kwa telala musoketse diresi. Ngati pali kanthu, ingoisungani m'nyumba. Pakamwa panu sipatuluka liwu ngakhale limodzi."

A Ethel anawomba m'manja kuti ada, amuna awowo, aganiza mwanzeru. Ine ndinakana ndithu, koma kukana kwa munthu amene nsalu waigwira kale m'manja sikumveka patali. Ndinapita nayo kunyumba poganiza kuti pakapita masiku aiwala.

Aphungu, sanaiwale. Telala wa banja lathu lonse ndi mmodzi, ndipo amasokera pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu, poti aliyense wotsika minibasi amamuona. A Ethel amadutsa pamenepo ngati akupita kumsika, n'kufunsa ngati ankhazi abweretsa nsalu. Tsono telalayo pakamwa pake pamathamanga kuposa makina ake. Pano nkhani ili m'kamwam'kamwa. Amayi onyika chinangwa akuidziwa, asodzi osoka maukonde akuidziwa, mpaka kondakitala wina anandifunsa ngati ndikufuna kutsikira kwa telala. Dzana mayi wina amene ndakhala ndikumuthandiza kwa nthawi yaitali analowa m'chipinda changa, anakhala pansi, anandiyang'anitsitsa, kenako anati wangodzatenga mankhwala, zina tidzakamba tsiku lina. Ndinadziwa kuti wayamba kundiopa.

Musandifunse ngati Hannah anabwerapo kwa ine kapena ayi. Ngakhale inu sindikuuzani, mundikhululukire. Chomwe ndikuona n'choti ndikasoketsa ndiye kuti ndayankhula, ndikasunga ndiye kuti ndayankhulanso.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi chimene chinachitika Loweruka. Ndinakumana ndi Hannah pamsika akugula tomato. Anandipatsa moni mwaulemu monga mwa nthawi zonse, kenako anatsitsa mawu.

"Ankhazi, ndamva kuti nsalu yanu sinafike kwa telala. Kodi ndinakulakwirani chiyani?"

Maso ake anali atalengeza misozi. Anandiuza kuti anzake akuntchito ayamba kumunong'ona, ndi kuti masiku ano Mackson foni amayankha mwachidule ngati akuyankhula ndi munthu wachilendo. Ndinangomugwira dzanja, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

Mtima ukundipweteka. Ntchito yanga ndimaikonda, sindikufuna kuti indithere. A Wallace ndi amene anandilera n'kundiphunzitsa sukulu bambo athu atamwalira, sindikufuna kudana nawo. Koma mwana wa eni akuvutika chifukwa cha nsalu yomwe yangokhala pampando kuchipinda kwanga. Telala wanena kuti mwezi ukatha salandiranso nsalu za chinkhoswechi. Ndisoketse, ndibweze, kapena ndinamizire kudwala ndithawire kwa mnzanga ku Mzuzu mpaka zonse zitatha?

F.K., Chintheche

Okondedwa F.K.,

Ku Mzuzu musapite. Kukuzizira, ndipo mukangokwera minibasi adzati mwathawa chifukwa mukudziwa zoopsa.

Ndiyambe ndi kukuyamikani. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, ndikusuzumira m'mizere kuti mwina penapake mwaterereka n'kunditsina khutu. Simunaterereke. Mwaona tsono, ngakhale ine ndili ndi ka Wallace kanga mumtima. Tonse timakonda kudziwa za anzathu, n'chifukwa chake ntchito yanu inaikidwa malamulo.

Koma musadzitame kwambiri. Munalakwitsa pamene munanyamula nsalu ija n'kupita nayo kwanu. Achimwene anu anachita za usodzi, anangoponya mbedza n'kukhala pansi, ndipo inu munameza. Chinsinsi sichiululika ndi pakamwa pokha ayi. Kugwedeza mutu, kutsokomola, kujomba pamwambo, kusoketsa diresi, chilichonse chimene mwagwirizana ndi munthu tanthauzo lake n'kuulula basi. Malamulo a dziko lino salola wa zaumoyo kuuza achibale zotsatira za magazi a munthu mwiniwake asanalole, ndipo mwambo wa ntchito yanu sukulolani ngakhale kunena kuti uje anabwera kudzandiona. Tsiku limene Hannah angakadandaule, simudzaima pamaso pa akuluakulu anu n'kunena kuti inayankhula ndi nsalu, ine ndinali chete.

Musaganizenso kuti kunena zabwino si kuulula. Mukavomera lero kusonyeza kuti wakuti ali bwinobwino, mawa mukadzakhala chete za munthu wina aliyense adzadziwa kuti pamenepo pali kanthu. Mayi uja wangotenga mankhwala n'kutuluka wazindikira kale zimenezi.

Ndipo chete wanuyu wayankhula kale, Hannah ndiye akulipira. Pakadafunda padajiwitsa galu, choncho dzukani.

Yambani ndi amene amakuyang'anirani kuntchito. Muwafotokozere nkhani ya nsaluyi inu eni, asanaimve kwa kondakitala. Muwapemphenso kuti aliyense wa awiriwa, Hannah kapena Mackson, akafuna uphungu azithandizidwa ndi mlangizi wina. Simungakhale ankhazi ndi mlangizi pampando umodzi, wina amagwa.

Kenako pitani kwa Hannah, osati pamsika pomwe tomato ali ndi makutu, koma pamalo poduka mphepo. Mumupepese mosazungulira. Mumuuze kuti sanakulakwireni kanthu, kuti nsalu inachedwa chifukwa inu munasokonezeka mutu, ndi kuti simunauze munthu aliyense kanthu kalikonse ndipo simudzatero. Mwanayu ali kutali ndi kwawo, akulowa m'banja lomwe likumuyeza ngati nsomba ya dzulo. Akufunika kudziwa kuti muli munthu mmodzi yemwe sakumununkhiza.

Mukatero itanani a Wallace, a Ethel, Mackson ndi ankhoswe, mukhale pansi masana, osati kuseri kwa nyumba. Munene pamaso pa onse kuti pangano la nsalu lija simunalivomere ndipo latha. Muwauze kuti pachinkhoswe mudzapezeka chifukwa Mackson ndi mwana wanu, ndipo mukanapezeka ngakhale akanatomera wina aliyense. Za kuchipatala, yankho lanu ndi limodzi lero, mawa ndi mkuja, pa munthu aliyense: simunena.

Ngati banjali likuderadi nkhawa za umoyo wa ana awo, njira yowongoka ilipo. Awiriwo, mwa kufuna kwawo, apitire limodzi kwa mlangizi wina, ndipo zimene akamve kumeneko ndi zawo, osati za pabwalo. Pamenepo muwafunse alamu anu modekha kuti nanga nsalu ya Mackson akusunga ndani. Mnyamata wakhalitsa ku Joni, a ku Balaka nawonso atha kukhala ndi mafunso awo. Mackson yemweyo mumutengere pambali monga ankhazi ake. Mwamuna amene akudikira telala kuti amuuze ngati apitirize kukonda mkazi sanakhwime, ngakhale atamanga tayi yaitali bwanji. Ngati ali ndi funso, akafunse mwiniwake.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga tsiku lina mutadziwa chinthu choika moyo wa munthu wina pachiswe, mudzangokhala chete? Sindikunena za Hannah, ndikunena za ntchito yanu. Zoterozo zili ndi njira yake. Mumayamba mwakambirana ndi mwini nkhani, kumulimbikitsa kuti anene yekha, ndipo zikakanika mumapita kwa akuluakulu anu amene akudziwa pomwe malamulo amalola ndi pomwe salola. Njira imeneyo sidutsa pakhonde la telala.

A Wallace anyanyala, zimenezo yembekezerani. Mwina akukumbutsani za sukulu imene anakuphunzitsani. Muwathokoze ndi mtima wonse, chifukwa anachita zazikulu, koma muwauze kuti anakuphunzitsani kuti mukhale munthu wodalirika, ndipo ndi zimene mukuchitazi. Muwakumbutsenso kuti chete amene akuwanyansa leroyu ndi yemweyo adzafunditse wa m'nyumba mwawo tsiku limene adzagogode pakhomo panu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mkwiyo wa mlongo umatha, koma anthu a ku Chintheche akasiya kukukhulupirirani mudzangotsala ndi mpando ndi kiyi wa chipinda.

Chenjezo langa ndi ili. Pa tsiku la chinkhoswe adzakuwerengani nkhope, adzaona mmene mukuvinira, mmene mukululutira, ngakhale mmene mukupatsira moni apongozi a ku Balaka. Vinani monga mumavinira paliponse, osawonjeza osachepetsa. Ndipo zikatha, wina akadzabwera mokunyengererani kuti tsopano poti zadutsa tangotiuzani, yankho likhale lomwe lija, ngakhale wofunsayo atakhala amuna anu.

Nanga nsalu? Diresi lisokedwe, koma musapite nayo ndinu. Pamapeto pa kukambirana kuja, ibwezereni m'manja momwe inachokera. Muyezo wanu telala ali nawo kale. A Wallace ainyamule okha, dzuwa likuswa mtengo, adutse pamsika, akaiike pamakina. Telala akawafunsa kuti ankhazi anena zotani za mtsikana uja, ayankhe zoona zokhazokha: sananene kanthu.

Aphungu