Matumbo a Bilimankhwe

Lolemba, 4 Ogasiti

Chithunzi chimodzi, mphindi zisanu ndi imodzi. Ndayeza ndi wotchi ya pafoni. Kanema wotsatsa sopo ndi wa mphindi ziwiri, zithunzi 2,880, ndipo kompyuta iyenera kuphika chilichonse pachokha: kuwala, mthunzi, thovu. Masiku khumi ndi awiri osaizimitsa. Eni sopo akumufuna pa 22. Tsiku lomwelo miyezi yanga itatu yoyesedwa ntchito ikutha. Kanemayu akachedwa, ine ndi digiri yanga tikakhala pakhonde la amayi.

Kompyutayi ndaipatsa dzina, Bilimankhwe. Phazi limodzi m'mwamba, kuganiza kaye. Ndikasuntha dzanja la kamwana ka m'kanemamu, dzanjalo limafika ine nditamwa kale tiyi. Zaka zinayi kuyunivesite kuti ndidzaonerere kamzere kobiriwira kakukwawa.

Ndawauza abwana. Akuti: "Ife tinkajambula ndi pensulo, mwana wanga, ndipo pensulo sinkadandaula." Mpaka pano amaitana sekilitale kuti adzawapezere pamene pathawira kalata yawo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Eni sopo asintha maganizo. Sopo akhale wapinki, osati wobiriwira. Zithunzi 700 zimene zinapsa kale, zonse kudzala.

Ndalemba mndandanda wa zida za kompyuta yatsopano: khadi ya zithunzi yamphamvu, purosesa ndi bolodi yake, ramu yambiri. A Mawaya, amene amatikonzera makompyuta muofesi muno, anauwerenga magalasi ali pamphuno. Anavomera zonse kupatula mzere womaliza: bokosi latsopano lagalasi, la mafani oziziritsa owala. "Matumbo okhawo akwana, chemwali. Bokosi lakaleli lilibe mlandu."

Mzerewo sindinaufufute. Zinthu zikasintha zizioneka kuti zasintha. Ofesi ino yazolowera mdima.

Abwana anakana kawiri. Kachitatu ndinangotchula kuti kampani ya tsidya la msewu imamaliza kanema ngati ameneyu m'masiku atatu. Cholembera chinapezeka msanga.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Palibe chafika. Pepala likufuna masiginecha atatu, wosaina wachitatu ali kutchuthi. Mwina Bilimankhwe ndinamulakwira. Anangotengera a pabanja pake.

Amayi akufunsa ngati "zidole zija" zikundipatsa ntchito yeniyeni. Achimwene akuti kusitolo kwawo pakauntala pali malo. Ndaseka mokweza kuposa mmene zimafunikira. 

Lachisanu, 15 Ogasiti

Zafika. Tamanga ndi a Mawaya m'mawa wonse, iwo kumanga, ine kuwauza zimene akudziwa kale. Khadi yokhayo kulemera ngati njerwa.

Chithunzi chimodzi, masekondi makumi anayi. Ndinabwereza katatu, kuopa kuti wotchi ikundinamiza. Thovu likuwala, dzanja la kamwana likutsata langa ngati mthunzi. Kanema yense, tsiku limodzi ndi theka. Ndinathawira kubafa, misozi isandichititse manyazi pamaso pa anthu a pensulo.

Ofesi yonse inabwera. Palibe anafunsa za masekondi. Onse maso pa mafani, ofiira, obiriwira, ofiiranso. Abwana anaima nthawi yaitali manja kumbuyo. "Ikuwala bwino," basi, n'kutuluka.

Ndiyamba kuphika Lolemba. Zala za kamwana zikuoneka ngati nthochi, ndizikonze kaye.

Lolemba, 18 Ogasiti

Padesiki panga pali Bilimankhwe.

Yowala ija ili muofesi ya abwana, pamwamba pa tebulo, pansi pake anayala kansalu. Ndinagogoda, ndinalankhula mwaulemu umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Iwo: "Alendo akalowa n'kuona kuti wamng'ono ali ndi yowala, wamkulu ali ndi yakuda, aziti kampaniyi akuyendetsa ndani?" Ndinatchula za pa 22. Akuti achinyamata a masiku ano timafuna kuthamanga tisanakwawe.

Pagalasi la windo kumbuyo kwawo ndimaona zimene zinali pa sikirini. Masewero a makadi. Khadi yotha kuphika thovu la dziko lonse ikusanja mafumu ndi ma jeke.

Masiku anayi atsala. Bilimankhwe akufuna khumi ndi awiri.

A Mawaya sananene kuti "ndinakuuza". Anangoyang'ana bokosi lakale, n'kuyang'ana ine, n'kukhosomola. Bola akanatukwana. Mafani aja ndinasankha ndekha, mtundu ndi mtundu. Ndinaitana khwangwala ndi mkanda wanga womwe.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Abwana kumsonkhano wa kuhotela tsiku lonse, umene mutu wake ndi "kupita patsogolo".

Ndinapita kwa a Mawaya mutu uli pansi. Ndinangoti bokosi lakale lilibe mlandu. Anatsegula kabati, sikurudiraiva ziwiri, imodzi kundipatsa.

Maola awiri. Matumbo atsopano m'bokosi la Bilimankhwe, matumbo a Bilimankhwe m'bokosi lagalasi. Makalata a abwana ndi masewero awo a makadi tawasiyira momwe analili. Mafani ndi a bokosi, ndiye akuwalabe. Khadi yatsopano inakana kulowa, yatalika. A Mawaya anadula kachitsulo ndi lumo la malata, ine nditatseka maso.

Sekilitale anatipeza zomangira zili mbwee pakapeti. "Ine ndikuona anthu akupukuta fumbi," anatero, n'kutseka chitseko. Mayi ameneyu ndakhala ndikumutcha Chidindo mumtima. Ndasiya.

Ndayamba kuphika 2 koloko.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Chithunzi cha 2,100. Ndaika mulu wa mafayilo kutsogolo kwa sikirini, wina asaone liwiro lake.

Abwana anadzandizonda ngati wodwala. Anasisita Bilimankhwe pamutu. "Pirira, mwana wanga. Yanga ija ikuuluka, kalata ndikangoidina yatseguka." Ndinati ndasangalala nawo. Ndi zoona.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Kanema wapita dzulo. Eni sopo akuti thovu lake ukhoza kusamba nalo. Kalata ya ntchito yokhazikika ili m'chikwama, ndaiwerenga kanayi. Amayi pafoni anangoti zidole zija ndiye zabereka. Achimwene asunge kauntala yawo.

Kenako mwambo wa muofesi, tonse chilili. Abwana kulankhula mphindi makumi awiri. Akuti ndine chitsanzo: ndamaliza ntchito yonse pa kompyuta yakale, umboni woti vuto la achinyamata si zipangizo koma mtima. A Mawaya anayang'ana kudenga. Sekilitale anatsamwa ndi tiyi.

Ndiye mphatso. Iwo aitanitsa laputopu yopyapyala ngati imene anaona kuhotela. Yowala ija andipatsa ine. Anainyamula okha, kuiika padesiki panga, anthu kuwomba m'manja. "Wavutika mokwanira ndi chakalechi." Chakalecho apatsa alamu awo, azikalembera ziphaso kugalaja. Alamuwo akubwera 2 koloko kudzatenga.

Eni sopo akufuna makanema ena atatu mwezi wamawa. Abwana alonjeza kale kuti pa yowalayi ndiwamaliza m'sabata imodzi.

Bilimankhwe ali m'buti ya galimoto ya abwana. Galimoto ili pansi pa windo lawo. A Mawaya apita kukadya, foni sakuyankha. Sekilitale wadutsa pano, wasiya makiyi pambali pa kapu yanga, osandiyang'ana, akuti buti ija ili ndi fumbi.

Nthawi 12:40. Sikurudiraiva sindinabweze. Zomangira za bolodi ndi zisanu ndi zinayi, za khadi ziwiri, ndipo abwana akaimirira n'kusuzumira pawindo, ine ndikupukuta fumbi.