Mfuti ya Mphwanga

Lolemba, 9 Juni

Lucious waimba foni ndili pa buleki kuchipatala. Ndiye besitimani wa Mervin, mwana wa mlongo wanga. Akuti Loweruka anyamata akonza phwando lotsanzikana ndi umbeta ku Indianapolis, kuno ku America. Ndinayamba kukondwa kuti andikumbukira. Kenako pulogalamu yake: m'mawa kukaphunzira kuwombera mfuti ya shotigani ngati asilikali, masana kukalawa mowa kumalo kumene amafulula okha. "Ndiye amalume, poti inu simumwa, mutidiraivire."

Ine nkhoswe yathunthu, mkulu wa mpingo, andisandutsa dalaivala wa anthu oledzera.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndamuimbira Mervin. Ndamufunsa ngati akulowa m'banja kapena akupita kunkhondo. Akuti ndi zocheza chabe. Zocheza. Ine ndimagwira ku imajensi, ndimaona ndi maso angawa zimene shotigani imachita pamimba pa munthu. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma. Iye akuti ali ndi miting'i.

Mkazi wanga Flora akuti ndipite basi, ndikakana adzayendetsa wina amene wamwa. Zoona, koma sindinamufunse.

Lachinayi, 12 Juni

Mlongo wanga watumiza voisi kuchokera ku Ntcheu: "Achimwene, mwanayo mumuyang'anire." Sindinamuuze kanthu.

Loweruka, 14 Juni

Ndanyamuka ku South Bend m'mamawa, minda ya chimanga uku ndi uku mpaka kufika. Anyamata ndinawapeza atadzaza kale vani, phokoso ngati akupita ku mpira.

Kowomberako ndi kunja kwa tauni. Mphunzitsi wake mzungu wandevu, wolankhula mokuwa ngakhale uli pafupi. Zowombera zake ndi makatoni odulidwa ngati munthu, mutu ndi chifuwa. Kuwaphunzitsa kulowa pakhomo mfuti ili patsogolo, kusuzumira pakona, kuwombera, kuthiranso zipolopolo mwachangu. Anafuna kundipatsa nane, ndinapisa manja m'thumba.

Anzake kuseka, kujambulana. Mervin yekha osaseka. Mafunso okhaokha: nanga kukakhala mdima? Zipolopolo zimaboola khoma la chipinda? Powombera mfuti inabwerera m'mbuyo n'kumumenya patsaya, latupa ngati walumidwa ndi mavu. Ukwati ndi Loweruka likubwerali. Zithunzi zake tiziona.

Kumowako ndiye manyazi. Timatambula ting'onoting'ono pathabwa, amuna akuluakulu kununkhiza mowa ngati akugula pafyumu. Lucious akuti uwu ukumveka khofi, uwo malalanje. Wofuna malalanje bwanji osangogula malalanje? Ine madzi.

Mowa utamufika, Lucious anamenya Mervin paphewa: "Akadzabweranso wakuba uja aona zakuda, mfuti ili kale m'nyumba." Ndinafunsa kuti wakuba uti.

Mervin ananditengera panja. Mwezi wa Epulo munthu anathyola chitseko cha nyumba yake ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, masanasana, Sophia, mkazi amene akumukwatirayo, ali yekha mkati akupachika makatani. Anadzitsekera kubafa, akumva munthu akutsegula madirowa. Sanamupeze. Mervin anagula shotigani sabata yomweyo.

Ndinati bwanji osandiuza, ine nkhoswe yako. Iye: "Amalume, mukanayamba ulaliki musanafunse kuti Sophia ali bwanji."

Mwana ndinamulandira ndekha pabwalo la ndege, jekete yoyamba ya chisanu inali yanga, lero akundiyankha choncho. Ndawatula onse m'makwawo. Ndigona kwa Mervin. Ndakwiya ndi Lucious, ndi wakubayo, ndi mwana wopanda ulemuyu.

Lamulungu, 15 Juni

Sophia anabwera atatuluka kutchalitchi. Anaona tsaya la Mervin, sanaseke. Anatenga ayisi mufiriji, kumupatsa, kenako nkukhala pansi moyang'anana nane.

"Amalume, mlandu wanu woyamba ndi uwu. Chinthu chili mukabaticho ine sindigona nacho nyumba imodzi. Chichitikireni zija ndimadzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale mphepo. Mervin amabwera mochedwa kuchokera ku shifiti, ine nthawi zina ndimalawirira. Tsiku lina wina adzawombera mnzake pakhomo pomwepa."

Mervin anati anagulira iyeyo. Sophia: "Unandifunsa?"

Mawu ndinali nawo ambiri, a sabata yonse, okonzeka. Ndinawameza. Ndinangomufunsa Sophia ngati akugona bwino masiku ano. Anati ayi, misozi ili mbwembwembwe. Mervin anachotsa ayisi patsaya. Kenako analowa kuchipinda, natuluka ndi chikesi chakuda chachitali, chokhoma ndi loko.

"Mutisungire, amalume, mpaka ndipeze wogula. Kiyi ndi uyu."

Ine. M'nyumba mwanga. Ndinayang'ana Sophia, iye akundiyang'ana. Ndinatenga kiyiyo.

Panopa ndaima ku Kokomo kuthira petulo. Chikesi chili m'buti, ndachifunditsa bulangete, ndipo ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndamuimbira Flora kuti achotse katundu pa shelefu yapamwamba m'galaja, ndikubwera ndi chinthu chachitali. Akuti, "Anawo akupatsani mphatso yanji yaikulu choncho?"

Ndamuuza kuti andidikire panja.